Chingwe Chachikasu cha Apongozi Anga

Kumudzi komwe ndinakwatira, m'mapiri a Ntchisi, kulibe madzi oti bwato n'kuyandamapo. Timitsinje take n'toti mbuzi imadumpha osanyowa ziboda. Koma m'nyumba ya apongozi anga aamuna munali chingwe cha sitima ya panyanja, ndipo anthu a m'mudzimo ankachidziwa bwino kuposa mmene ankandidziwira ine.

Apongoziwo anagwira ntchito padoko kunyanja kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Sitima ikakocheza n'kuzimitsa injini, imafuna magetsi a kumtunda kuti nyale ndi mafiriji zisazime. Ntchito yawo inali kukoka chingwe kuchokera pabokosi la magetsi la padoko, kukachilumikiza m'nthiti mwa sitima, ndi kuchisamala. Pamene ankapuma ntchito n'kuti kutabwera zingwe zatsopano, ndiye mabwana anawapatsa chakale chimodzi, pamodzi ndi kalata kuti wina asadzati anaba. Chinali chonenepa ngati mzimbe, cholemera moti munthu akachisenza yekha ankayenda chopendekera, ndipo chinali chachikasu, chikasu chowala chija. Kunsonga kwake kunali pulagi yaikulu ngati nkhonya, ya mano atatu amkuwa.

Chingwe chimenechi ndicho chinawapezera ntchito kuparishi. Kumeneko jenereta inali m'kanyumba kake kumtunda, pampu ili kumunsi pachitsime, ndipo waya wakale wodutsa pansi anali atafukulidwa ndi akuba. Choncho Lolemba ndi Lachinayi apongozi ankayala chingwe chawo pamwamba pa timitengo ta mphanda kuti chisakhudze dothi, n'kulumikiza pampu, madzi n'kukwera m'thanki. Thanki imeneyo inkamwetsa kachipatala ka masisitere, sukulu, ndi amayi a midzi itatu. Malipiro ake sanali oti munthu n'kudzitama nawo. Chimene ankadzitama nacho n'china. "Zaka zonsezi, kunyanja ndi kuno komwe, chingwe changa sichinagwirepo munthu." Mawu amenewa ankawanena pamaliro, paukwati, ngakhale kwa munthu wongofunsa njira.

Loweruka m'mawa linali tsiku lochisambitsa. Ndikuti kuchisambitsa, chifukwa kutsuka n'kwa mbale. Ankatenthetsa madzi, ofunda chabe, n'kutenga mtanda wa sopo ndi kansalu kofewa ka thewera lakale. Ankayambira kumutu mpaka kumchira, pang'onopang'ono, zala zikufufuza ngati pali pokalika. Akatsukuluza ankachiyanika pamthunzi wa mtengo wa mango, osati padzuwa. Mano a pulagi ankawapukuta ndi phulusa losefa mpaka awale, n'kuwadzoza timafuta todzola ana pang'ono, kenako n'kuvundikira pulagiyo ndi kachipewa kamene anasoka okha ndi chubu cha njinga. Pochikulunga ankapanga nkhata zikuluzikulu, osachipinda pachigongono ngati chingwe cha mbuzi, n'kuchipachika pachikhomo m'chipinda, pomwe khoswe sangafike. Apongozi aakazi ankati, "Ine chikwatiwire sanandipukutepo msana choncho." Iwo ankangoseka n'kumapitiriza kupukuta.

Ine ndinali mkamwini, komanso mlendo kawiri. Makolo anga anachokera kummwera kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya cha ku Chisepo, ndipo ngakhale ndinakulira ku Dowa, lilime linkandiulula. Loweruka lotere ndinkakhala chapatali ndikusema mpini, ndikuyang'ana chammbali. Kunena zoona, chingwecho ndinkachichitira nsanje. Icho chinali ndi malo ake m'nyumba ndi m'mudzi momwe. Ine munda unali wa mkazi wanga, nyumba inali pamalo a amayi ake, ndipo ngakhale nkhuku ndinkaigwira nditapempha kaye.

Kenako chinafika chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri. Amene sanaone nthawi imeneyo sangamvetse kuti mtundu wa nsalu unkatha kuutsa ndewu. Dera lathu linali la chipani chakale, kuyambira nkhalamba mpaka nkhuku zapakhomo. Chikasu chinali mtundu wa chipani china, chimene anthu ankati n'cha kummwera. Apongozi palibe ankawakayikira. Anabadwira momwemo, ndipo chingwe chawo chinali chachikasu chipani chachikasucho chisanabadwe. Koma ine ndikamadutsa pasitolo, anyamata a pabawo ankakuwa, "Akamwini, mwavala chiyani mkati mwa malayamo? Tavulani tione ngati si chikasu!" Ndinkangoseka nawo. Paja mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinkadziwa kuti tsiku lomwe anthu adzatope nane, katundu wanga yense adzakwana m'thumba limodzi la feteleza.

M'nyengo yokolola apongozi anaitanidwa kuchipatala ku Lilongwe, kuti akawachotse ng'ala m'diso. Anati akakhalako milungu iwiri, ndipo apongozi aakazi anawaperekeza. Tsiku lonyamuka anandiitana pakhonde. Ndinanjuta potero, iwo atakhala pampando wawo wa ndalema.

"Akamwini, madzi a anthu asaime. Mwakhala mukuona mmene ndimachitira?"

"Ndakhala ndikuona, bambo."

"Madzi ofunda ndi sopo, basi. Palafini ayi, petulo ayi, oyilo asachiyandikire n'komwe. Khungu lakeli limamwa zinthu zimenezo, limafewa, kenako limang'aluka. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

Ndinamvadi. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Masiku oyamba zonse zinayenda bwino, ndipo ndinayamba kuyenda ngati munthu. Amayi a pathanki ankayamba ndi iwo kundipatsa moni. Lachinayi, ndikukulunga chingwe, kunabwera tcheyamani wa chipani chakale m'dera lathu, bambo wamfupi wosavula jekete ngakhale kutenthe bwanji. Anati Loweruka kuli msonkhano waukulu pabwalo la sukulu. Kukubwera akuluakulu ndi jenereta yawo, koma waya wawo ndi wamfupi, ndiye phokoso la jenereta limamiza mawu a olankhula. Ankafuna chingwe chachitali kuti jeneretayo akaiike kuseri kwa makalasi.

"Mukatithandiza, akamwini, anthu adziwa kuti ndinu wathu," anatero. Kenako anachiyang'ana chingwecho n'kukwinya nkhope. "Koma mtundu uwu pansanja pathu ayi. Akuluakulu angati tawatukwana. Muone chochita."

Sanandilonjeze kalikonse, ngakhale thobwa la m'kapu. Mawu akuti "wathu" aja ndi amene anandigula.

Lachisanu ndinapita kuchigayo kukapempha oyilo wakutha, wakuda bii uja amakhetsa mu injini. Ndinamusakaniza ndi mwaye wa kukhitchini m'beseni, n'kuyamba kupaka. Mkazi wanga anandipeza manja ali bii mpaka m'zigongono.

"Bambo a mwana, mwapenga kodi? Si zimene anakuletsani bambo zimenezi?"

"Ndi tsiku limodzi lokha. Ndichitsuka asanabwere."

"Bwanji osangochikulunga ndi masaka, kapena makungwa a nthochi?"

"Iwe, zamagetsi ukuzidziwa? Tapita ukaone mwana uko."

Ndimachita manyazi ndikakumbuka yankho limenelo, chifukwa nzeru yake inali yabwino, ndipo ine zamagetsizo ndinali nditazidziwa kwa masiku asanu okha. Ndinakana chifukwa choti wanena ndi iye. Oyilo ankangotsetsereka, chikasu n'kumaonekerabe, ndiye mtima utandipsa ndinangochiviika chonse m'beseni, kupatula nsonga zake, n'kuchisiya momwemo mpaka m'mawa mwake.

Msonkhano unachitika. Zimkuzamawu zinamveka mpaka kuseri kwa phiri, amayi anavina, fumbi linakwera. Chingwe chinagona padzuwa tsiku lonse, pansi, anthu akuchiponda, ndipo galimoto ya akuluakulu inachidutsa pamwamba kawiri ine ndikuona. Anthu ankayesa chingwe chakudacho chabwera ndi alendo. Odziwa tinali atatu: ine, mkazi wanga ndi tcheyamani. Potseka, tcheyamaniyo anandigwira chanza pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Uyu watithandiza, ndi wathu." Anyamata a pabawo anaomba m'manja. Ndinasangalala, ndisabise. Ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba, malaya atathimbirira ndi oyilo.

Chisangalalocho chinathera m'beseni. Madzi ofunda ndi sopo zinakanika. Ndinatha mtanda wathunthu, chingwe chili chikhalire bii. Lolemba ndinatumiza uthenga kuparishi kuti ndagwa ndi malungo, ndipo madzi a anthu aja anaima. Ndinatenga palafini wa m'nyali, ndinapempha petulo pang'ono kwa mwini njinga yamoto, ndinatola mchenga wa kumtsinje ndi zitsononkho, n'kukwecha masiku atatu kuseri kwa nkhokwe. Chikasu chinabwerera, koma chofooka, ndipo khungu lija linali litafewa, likumata zala. Kenako ndinachisambitsa ndi sopo kanayi kuti fungo lichoke.

Apongozi anabwera diso lina lili ndi bandeji, linalo likuona mwachimbuuzi. Asanamwe n'komwe madzi analowa m'chipinda. Ndinawaonera pakhomo akuyendetsa chikhatho pachingwe, kenako ananunkhiza zala zawo. Anatuluka n'kukhala pampando wa ndalema uja.

"Akamwini, ndikumva palafini."

Pamenepo mpata woulula unalipo. Mkazi wanga anali pamtondo, ndipo anaimitsa musi. Ine ndinayang'ana pansi.

"Chinakhudza girisi wa jenereta pamalo amodzi, bambo. Ndinangopukuta ndi kansalu kamodzi, n'kutsuka msanga."

"Kamodzi?"

"Kamodzi, bambo."

Kenako anati, "Kamodzi sikapha. Koma musadzabwerezenso."

Mkazi wanga anatsitsa musi mumtondo mwamphamvu moti mphale inalumpha. Sanandiulule, pakuti akanasankha ndani pakati pa bambo ake ndi bambo wa ana ake? Koma kwa mlungu wathunthu ankandiyankha ndi mawu amodziamodzi.

Chisankho chinabwera n'kudutsa. Tcheyamani uja anayamba kuoneka mwa apo ndi apo, ndipo anyamata a pabawo anapeza zina zoseka. Za mtundu wa chingwe cha munthu palibe ankazikumbukanso. Koma chingwecho sichinaiwale. Dzuwa la Okutobala litafika, khungu lija linauma n'kuyamba timing'alu ngati ta kuchidendene. Loweruka lililonse apongozi ankatipeza ndi zala, n'kumangapo timizere ta chubu. Ndinkawamva akudzilankhulira, "Chakalamba ngati mwini wake." Iwo ankayesa ndi ukalamba, ming'alu yapamwamba yoti chubu n'kutseka. Ine ndinkadziwa kuti matendawo afika thupi lonse, koma ndinkangosema mipini yanga. Mipini ya chaka chimenecho inachuluka moti ina tinagawa.

Mvula yoyamba itagwa, Lachinayi lina masana, pampu ikulira, mbuzi zinagwetsa timitengo ta mphanda tiwiri, chingwe n'kugona muudzu wonyowa. Mayi wina wa mudzi woyandikana ndi wathu, wamasiye wa ana anayi, ankadutsa ndi ndowa pamutu, wopanda nsapato. Anachiponda. Amene anaona akuti anaponyedwa uko, ndowa uko. Ine ndinafika atamunyamula kale kupita naye kwa masisitere. Sanafe, Mulungu ndi wamkulu, koma phazi linapsa moti zala ziwiri anazidula, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda chotsimphina. Pampu nayo inapsa.

Komiti ya parishi inakhala Lamulungu, Misa itatha, m'kalasi ya pafupi ndi tchalitchi. Chingwe anachiika pakati ngati wakuba wogwidwa. Ine ndinakhala kumbuyo. Wapampando anachipinda pamalo amodzi, khungu n'kuthetheka, waya wamkuwa n'kuonekera poyera.

"Bambo, munkadziwa kuti chafika pamenepa?"

Apongozi anaimirira, chipewa chili m'manja. "Ming'alu ndinkaipeza, koma ndinkayesa ndi yapamwamba. Maso atha, kapena ndi nzeru zomwe zatha. Chingwe n'changa, mlandu ndi wanga. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Wapampando anafunsa ngati pali wina wofuna kulankhulapo. Anadikira ndithu. Ndinadziwa kuti mkazi wanga akundiyang'ana kuchokera mbali ya amayi, ngakhale sindinatembenuke. Ndinayang'anitsitsa nyerere zimene zinkakoka chiwala chakufa pafupi ndi phazi langa, mpaka anatseka ndi pemphero.

Ntchito anawachotsa mwaulemu, ati akapume. Amayi a midzi itatu anabwerera kumtsinje kwa miyezi yambiri. Mbuzi ziwiri za apongozi zinapita kwa mayi wovulala uja ngati chipepeso. Koma chimene chinawapweteka sichinali mbuzi. Mawu awo aja, oti chingwe chawo sichinagwirepo munthu, anasiya kuwanena. Pamaliro ankangokhala duu, ndipo akamadutsa pasitolo, anyamata a pabawo ankanjenjemera dala ngati agwidwa ndi magetsi, n'kumaseka. Anyamata omwe aja anandiombera ine m'manja.

Chinandithetsa mphamvu n'chakuti Loweruka ankatulutsabe beseni. Chingwe chakufa, chosadzagwiranso ntchito, iwo ankachisambitsabe ndi madzi ofunda, n'kupukuta mano a pulagi ndi phulusa. Loweruka lachitatu ndinalephera kupirira. Ndinasiya mpini, ndinapita n'kunjuta pafupi nawo, kuyandikira kuposa mmene mkamwini amayandikirira.

"Bambo, sikanali kamodzi."

Ndinawauza zonse: za tcheyamani, za oyilo ndi mwaye, za galimoto ija, za petulo ndi mchenga. Sanasiye kupukuta. Nditamaliza anafinya kansalu kaja, madzi n'kudonthera m'beseni.

"Chinagona mu oyilo?"

"Eya, bambo."

"Mukanandiuza tsiku lija, ndikanachipachika osachitsitsanso. Ntchito ikanatha, inde. Koma mayi uja bwenzi ali ndi zala zake."

Ndinayembekezera kuti andithamangitsa pamudzi. Kunena zoona ndinkafuna andithamangitse, kapena andikwapule ndi chingwe chomwecho, kuti mwina mtima ungapepuke. Ndinafunsa, "Nditani, bambo?"

"Ine sindikakunenerani. Ndinu bambo wa adzukulu anga. Koma komiti imakhala Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo pakamwa muli napo." Atatero anandipatsa nsonga ya chingwe. "Gwirani uko, tikachiyanike."

Lamulungu loyamba linafika. Ndinavala malaya oyera, ndinapita ku Misa mawu nditakonza. Komiti itayamba kusonkhana, ndinaona alongo ake a mayi uja ataima panja, amuna atatu a misinkhu yawo, ndipo ndinakumbuka thumba la feteleza lija. Ndinati mwezi wamawa. Mwezi wamawawo kunali kupalira. Winawo mwana anadwala. Zifukwa sizisowa kwa munthu wamantha. Apongozi sanandifunsepo ngakhale tsiku limodzi. Kungoti pa Lamulungu loyamba, tikamatuluka m'tchalitchi, ankaima pafupi ndi khomo la kalasi ija ngati akuchotsa kamwala m'nsapato, n'kumatenga nthawi. Ine ndinkapitirira, ndipo iwo ankavala nsapato yawo n'kunditsatira.

Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Pamaliro awo ife akamwini tinali pantchito yathu yowaza nkhuni. Mkulu wa mpingo polankhula anawayamikira kuti anali munthu wokhulupirika, amene anamwetsa midzi itatu. Kenako anati, "Kungoti ukalamba ulibe ulemu. Kumapetoku chisamaliro chinawathawa, koma zimenezo tinawakhululukira." Anthu anavomereza chapansipansi. Mayi wotsimphina uja anali pomwepo, ndipo naye anagwedeza mutu movomereza. Ine ndinali nditaima kumbuyo, nkhwangwa ili m'manja.

Chingwe chija chili m'nyumba mwathu, pachikhomo. Mkazi wanga anakana kuti tichitaye, ndipo sachitchula. Ambiri mwa amene anali m'komiti nthawi ija anatsogola, koma komitiyo ilipobe. Imakhala Lamulungu loyamba la mwezi, Misa ikatha, ndipo njira yopita kunyumba kwathu imadutsa pakhomo pake.